Pakamwa ndi Manja: Mbiri ya Zochita za Ana m'Kalasi, Kuchokera ku Likuni Kufika ku Mtandire

Mau oyamba

M'mabuku amene timasunga m'maofesi a maparishi athu, nkhani ya sukulu imalembedwa m'manambala: chaka chimene sukulu idatsegulidwa, kuchuluka kwa zipinda, kwa aphunzitsi ndi kwa ana amene adakhoza mayeso. Manambalawo ngofunika, koma satiuza chimene mwana amachita kuyambira pamene belu la m'maŵa lalira kufikira nthaŵi yoŵeruka. Kodi amangobwereza mau a mphunzitsi, kapena amagwirako kanthu, kuyeza, kuumba ndi kufunsa? M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya zochita za ana m'kalasi la pulayimale m'dziko lathu, ndipo tidzaimalizira ku Mtandire, dera la Area 56 mu mzinda wa Lilongwe, limene lili m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi moyang'anana ndi nyumba za mipanda za ku Area 47. Kumeneko, monganso ku Mgona ndi ku Chinsapo, zotsatira za mbiri yonseyi zimaonekera poyera.

Chiyambire sukulu m'dziko muno, njira ziŵiri zakhala zikukokana m'kalasi. Yoyamba ndi ya pakamwa, ndiye kuti kuloŵeza ndi kubwereza pamodzi. Yachiŵiri ndi ya manja, pamene ntchito imodzi imene mwana akugwira imamphunzitsa masamu, chilankhulo, zachilengedwe ndi makhalidwe pa nthaŵi imodzi. Eklezia adagwiritsa ntchito njira zonse ziŵiri. Koma mbiri ikuonetsa kuti ana akachuluka ndipo zipangizo zikasoŵa, njira ya manja ndiyo imayamba kufa. Popeza sukulu zambiri zili pa malo a mpingo ndipo zimadziŵika ndi maina a oyera, nkhaniyi njathu ife ansembe, ndiponso njanu inu amene mukukonzekera unsembe.

Sukulu isanafike

Ana a Acheŵa a m'chigwa cha Lilongwe sadayambe kuphunzira ndi kubwera kwa azungu, kungoti maphunziro awo sadali ogaŵidwa m'maina. Mtsikana wa ku masanje ankaphunzira kuyeza ufa ndi madzi, kusonkha moto ndi kugaŵa chakudya mosakondera, zonsezi pa nkhali imodzi. Mnyamata wa kubusa ankadziŵa chiŵerengero cha mbuzi, maina a mitengo ndi a udzu, kuumba ng'ombe zadothi, ndi kupinda kamtengo ka msampha mpaka poti kafwamphuke bwino. Bawo ndi phada zinkanola mutu pa kuŵerengera. Madzulo wokamba nthano sankaloledwa kulankhula yekha, pakuti omvera ankavomera kuti ali tonse, naimba naye nyimbo ya m'nthanomo. Ku chinamwali anamkungwi ankalangiza ndi nyimbo, magule ndi zifanizo zadothi. Kuloŵeza kudalipo ndithu, koma mau oloŵezedwawo ankayenda limodzi ndi chinthu chogwirika. Chimene maphunziro ameneŵa sadathe kupereka ndi buku, ndipo dziko litasintha, munthu wosadziŵa kuŵerenga kalata yochokera ku Joni kapena chiphaso cha msonkho adasanduka wodalira anzake.

Sukulu za kumidzi za amishoni

Sukulu yoyamba ya mtundu wa ku Ulaya idatsegulidwa ku Cape Maclear m'chaka cha 1875 ndi amishoni a Livingstonia ochokera ku Scotland. A mpingo wa Dutch Reformed adakhazikika ku Mvera m'chaka cha 1889 ndi ku Nkhoma m'chaka cha 1896. Kumbali yathu, ansembe a chipani cha White Fathers adafika kwa Mponda m'chaka cha 1889, nachokako m'chaka cha 1891. A chipani cha Montfort adayamba Nzama m'chaka cha 1901, ndipo a White Fathers atabwerera m'chaka cha 1902 adatsegula Chiwamba ndi Mua, kenaka Kachebere. Mishoni ya Chiwamba idasamukira ku Likuni m'chaka cha 1903, ndipo kuchokera kumeneko chikhulupiriro cha Katolika chidafalikira m'midzi yozungulira boma la Lilongwe.

Chida chachikulu cha ntchitoyo chidali sukulu ya kumudzi. Nyumba imodzi ya mitengo ndi udzu inkakhala tchalitchi Lamulungu ndi sukulu masiku ena, ndipo munthu mmodzi ankakhala katekisti ndiponso mphunzitsi. Tsiku linkayamba ndi mapemphero. Kenaka ana ankabwereza mafunso ndi mayankho a katekisimu mofuula pamodzi, popeza Kadinala Lavigerie, woyambitsa chipani cha White Fathers, adalamula kuti ofuna ubatizo aphunzire zaka 4. Atatha katekisimu ankaloza pa tchati cha a, e, i, o, u, ndi ba, be, bi, bo, bu, nalemba ndi chala pamchenga kufikira atayenera kugwira sileti. Ankaŵerengera ndi timiyala ndi njere za chimanga. Ana omwewo ankamweta udzu wofolera sukulu yawo, kuzira pansi ndi kulima munda wa mphunzitsi, ndipo pa mishoni penipeni akuluko ankaphunzira ukalipentala, kuumba njerwa ndi kusoka. Asisteri a chipani cha White Sisters, amene adafika m'chaka cha 1911, ndi a chipani cha Teresian chimene Ambuye Guillemé adayambitsa m'chaka cha 1929, adatsegulira atsikana khomo lomwelo.

Tiyenera kuona zinthu ziŵiri pano. Choyamba, njira ya pakamwa idakula mphamvu chifukwa buku lidali limodzi, ana ambiri, ndipo mphunzitsi mwini adali wongophunzira pang'ono. Mpikisano wa pakati pa Likuni ndi Nkhoma wofuna kuyamba kuika sukulu m'mudzi uliwonse udachulukitsa sukulu kuposa aphunzitsi odziŵa. Chachiŵiri, kalasi lidatseka chitseko pa maphunziro a makolo. Mkangano wa sukulu ndi Nyau m'zaka za m'ma 1920, umene Ian Linden adaufotokoza m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Acheŵa, udachititsa kuti ng'oma, gule ndi zoumba za kumudzi ziziyesedwa adani a sileti. Padapita zaka zambiri kuti malo onga Kungoni ku Mua, amene Bambo Claude Boucher adayambitsa m'chaka cha 1976, aonetse kuti luso la manja la makolo lingathe kutumikira Mthenga Wabwino.

Boma liloŵa m'kalasi

Boma la atsamunda lidayamba kuthandiza sukulu za mishoni m'chaka cha 1907 ndi ndalama zokwana mapaundi 1,000 zogaŵana mishoni zonse. M'chaka cha 1924 kudabwera nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, zotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, ndipo mwa izo mudali James Aggrey wa ku Gold Coast. Iwo adadandaula kuti sukulu za mu Afrika muno zinkaphunzitsa mau osakhudza moyo wa kumudzi, nalangiza kuti ukhondo, ulimi, ntchito za manja ndi kusamala banja zikhale pakati pa maphunziro. Boma lidakhazikitsa nthambi yoona za maphunziro m'chaka cha 1926, ndipo m'chaka cha 1929 sukulu ya Jeanes ku Domasi idayamba kusula aphunzitsi oyendera sukulu za kumidzi. Ankapita kumeneko ndi akazi awo, kuti banja lonse likakhale chitsanzo cha dimba, chimbudzi ndi nyumba yosamalika. Nawonso Eklezia adadzidzimuka. M'chaka cha 1928 ku Dar es Salaam, Ambuye Arthur Hinsley, nthumwi ya Papa, adauza atsogoleri a mishoni kuti pamene sangathe kusamala tchalitchi ndi sukulu pamodzi, ayambe akonza sukulu.

Pamenepa njira ya manja idaoneka ngati yapambana, koma idabwera ndi chilema chimene chikuitsata mpaka lero. Makolo adaona kuti mwana wa mzungu akuphunzira Chilatini pamene wawo akupatsidwa khasu, ndipo adadziŵa kuti ntchito ya ukalaliki imapita kwa wodziŵa Chingerezi. Mabungwe a eni dziko, momwe mudali anthu onga Levi Mumba, adalimbikira kupempha maphunziro apamwamba, mpaka sukulu za sekondale za Blantyre ndi Zomba Catholic zidatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Malo m'sukuluzo adali oŵerengeka, motero mayeso adasanduka mfumu ya kalasi. Komanso aphunzitsi ambiri adayamba kugwiritsa ntchito khasu ndi chikwakwa ngati chilango cha wochedwa ndi waphokoso. Mwana amene adakumba dzenje chifukwa cholakwa sadaonenso ntchito ya manja ngati phunziro.

Likulu latsopano ndi ana ake

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, kalasi lidasinthanso. M'chaka cha 1968 Chicheŵa chidakhala chilankhulo cha dziko, ndipo ana a makalasi oyamba ankaphunzira m'chilankhulocho. Ambiri mwa ife tidakulira pa buku la Sosa ndi pa nkhani za Timve ndi Tsala. Boma la Dr Banda lidalimbikitsa ulimi, kotero sukulu zidali ndi minda, ndipo pa ndandanda ya maphunziro padali nthaŵi ya zoumba ndi zoluka, kusoka, kuimba ndi maseŵera olimbitsa thupi. Zambiri mwa izi zinkatheka chifukwa sukulu ya kumudzi idali ndi malo, dothi, mlaza ndi bango pafupi. Tisaiŵalenso kuti fizi ndi yunifolomu zinkatsekereza ana ambiri a amphaŵi kunja.

Nthaŵi yomweyo mzinda wa Lilongwe unkakula. Bungwe lomanga likulu lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1968, ndipo likulu lidasamuka ku Zomba m'chaka cha 1975. Kalembera wa 1966 adapeza anthu osakwana 20,000 m'tauniyi, wa 1977 adapeza pafupifupi 99,000, wa 1998 pafupifupi 440,000, ndipo wa 2018 pafupifupi 990,000. Madera onga Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25 adapimidwa mapuloti, koma mapulotiwo sadakwanire anthu onse obwera kudzafuna ntchito. Otsalawo adapeza malo kwa mafumu a midzi ya m'mphepete mwa mzinda, ndipo umo ndi momwe Mtandire adakulira: alonda, antchito za m'nyumba, oumba njerwa, okumba mchenga mu Lingadzi, oswa miyala ndi ogulitsa malonda ang'onoang'ono. Nyumba zidamera msanga kuposa sukulu. Mwana wa kumeneko adataya dimba ndi busa la kumudzi, osalandira laibulale ya m'tauni m'malo mwake.

Kalata ya 1992 ndi chigumula cha 1994

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi athu idaŵerengedwa m'matchalitchi onse. Timaikumbukira chifukwa cha ndale, koma mbali ina yaikulu ya kalatayo idali ya maphunziro. Idanena za umbuli wosadziŵa kulemba ndi kuŵerenga, kuthithikana kwa ana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi mabuku, ndi kusiyana kwa mwai pakati pa ana a olemera ndi a osauka. Patapita zaka ziŵiri, boma la a Bakili Muluzi lidathetsa fizi ya ku pulayimale. Ana olembetsa adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma lidalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo atangolangizidwa masabata aŵiri kapena atatu, ndipo maphunziro awo enieni a uphunzitsi adayamba m'chaka cha 1997 pansi pa ndondomeko ya MIITEP.

Chidali chilungamo kuti mwana wa mlonda wa ku Mtandire aloŵe m'kalasi, ndipo palibe mkhristu angalire kuti chitseko chidatsegulidwa. Koma tiyenera kuona chimene chidachitika m'katimo. Muyeso wa unduna ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, pamene m'madera othithikana a Lilongwe kalasi la ana opitirira 100, okhala pansi kapena pa mthunzi wa mtengo, silidakhale chachilendo. Munda wa sukulu udamangidwapo chipinda. Mphunzitsi wosasulidwa, ataima pamaso pa khamu lotere ndi choko chokha, adabwerera ku njira imene iye mwini adaphunzirira: iye anene, ana avomere. Wodutsa pamseu ankamva mau amphamvu a ana onse pamodzi, osadziŵa kuti pakati pawo pali ambiri amene akungotsata milomo ya anzawo.

Silabasi ya 2007 ndi mphamvu ya mayeso

Akatswiri a ku Malawi Institute of Education ku Domasi, pamalo pomwe padali sukulu ya Jeanes, adaona vutoli. Silabasi imene idayamba mu Sitandade 1 m'chaka cha 2007 idafuna kuti mwana akhale pakati pa phunziro: azikambirana m'magulu, azichita timaseŵero, aziyeza ndi kufufuza, ndipo mphunzitsi aziona kupita kwake patsogolo tsiku ndi tsiku. Kuimba, kuvina, kujambula, kuumba, kusoka ndi maseŵera zidaphatikizidwa kukhala phunziro limodzi la zaluso. Kudalimbikitsidwanso njira yotchedwa TALULAR, yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi: zitsekerero za mabotolo poŵerengera, makatoni polemba malembo, timitengo, nthanga, dothi ndi waya. M'chaka cha 2008 pologalamu ya Tikwere idayamba kumveka pa wailesi m'makalasi oyamba, ndipo m'chaka cha 2016 boma lidayambitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuŵerenga.

Maganizowo adali abwino, ndipo adali kubwerera ku nzeru ya masanje ndi ya Jeanes. Chimene chidaŵapinga ndi chomwe chija cha m'ma 1940. Mayeso a Sitandade 8, amene bungwe la MANEB lakhala likuyendetsa chiyambire 1987, ndiwo ankatsegula khomo lopapatiza la sekondale, ndipo ngakhale zaluso zidayesedwa ndi cholembera. Mwana ankatha kukhoza funso la kaumbidwe ka mphika asanagwirepo dongo. Pamwamba pa izi padabwera zosokoneza zina: sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19 mpaka chakumapeto kwa chakacho, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa ndi masabata aŵiri chifukwa cha kolera. Nthaŵi ikachepa, mphunzitsi amadula zochita za ana kuti amalize zolemba pa bolodi.

Njerwa ya ku Mtandire

Kodi tinene kuti njira ya manja njosatheka kwa amphaŵi? Titenge chinthu chimodzi chimene mwana aliyense wa ku Mtandire amachidziŵa, njerwa. Mphunzitsi wa Sitandade 5 akabwera nayo m'kalasi pamodzi ndi chikombole, ana angayeze utali, mulifupi ndi msinkhu wake, naŵerengera njerwa zofunika pa mzere umodzi wa khoma la kalasi lawo ndi mtengo wake pa msika. Amenewo ndi masamu. Angafanize dothi la katondo, la makande ndi la mchenga, naviika m'madzi njerwa yootcha ndi yosaotcha kuti aone imene iyambe kusungunuka. Imeneyo ndi sayansi. Angafunse kumene nkhuni za uvuni zimachokera, chimene maenje otsala amachita nthaŵi ya dzinja, ndi chifukwa chimene boma m'chaka cha 2018 lidaletsera njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga zikuluzikulu. Makolo awo angaŵafotokozere za Febuluwale 2017, pamene Lingadzi adasefukira nagwetsa nyumba m'deralo. Kenaka alembe chimangirizo m'Chicheŵa, aphunzire mau ake m'Chingerezi, apeke nyimbo ya oponda dothi. Pa phunziro la Baibulo amve za Aisraele amene Farao adaŵalamula kuumba njerwa osaŵapatsa udzu, monga tiŵerenga pa Eksodo 5, ndipo akambirane za malipiro oyenera a waganyu. Njerwa imodzi yasenza maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo mwana wa woumba njerwa, amene masiku onse amakhala chete kumbuyo, tsiku limenelo ndiye katswiri wa kalasi. Chimodzimodzi ndi chidebe cha malita 20 cha pa kiyosiki ya madzi, kapena mulu wa tomato wa pa msika.

Nkhani ya Eksodo ija ikulozanso kwa ife akuluakulu. Kuuza mphunzitsi wa ana 100 kuti aphunzitse m'magulu, osampatsa malo, nthaŵi kapena womthandiza, n'kumlamula kuumba njerwa popanda udzu.

Udindo wathu

Msonkhano Waukulu Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha maphunziro achikhristu cha pa 28 Okutobala 1965, udaphunzitsa kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba, ndi kuti sukulu iyenera kukulitsa nzeru, luso loŵeruza bwino, chikhalidwe cha makolo ndi kukonzekera ntchito. Munthu amene timamlalika ndi wa thupi ndi mzimu, ndipo Mwana wa Mulungu adagwira ntchito ya manja ku Nazarete zaka zambiri asanalalike. Kaphunzitsidwe kake kakutiuza zambiri. Atafunsidwa za msonkho adaitanitsa ndalama kuti aione. Pofuna kuphunzitsa za ukulu adaimika mwana pakati. Pa Marko 6, ataona khamu lanjala, adatuma ophunzira ake kukaŵerenga buledi amene adalipo, nakhazika anthu m'magulu a 100 ndi a 50, napereka chakudya kudzera m'manja mwa ophunzirawo. Ambuye sadachepetse khamulo, koma adaligaŵa, nayamba ndi chimene chidalipo, nachulukitsa manja otumikira.

Manja amenewo tili nawo. Sinodi ya dayosizi ya Lilongwe ya 1973 mpaka 1975, motsogozedwa ndi Ambuye Patrick Kalilombe, idatipatsa miphakati, ndipo m'mphakati uliwonse wa m'tauni muli mmisiri wa matabwa, telala, woumba mbaula, namwino kapena mphunzitsi wopuma. Atagwirizana ndi mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu, anthu otere angatenge gulu la ana 20 kwa ola limodzi pa sabata. Mabwalo ndi maholo a matchalitchi athu, amene amakhala opanda anthu kuyambira Lolemba, angakhale dimba la ndiwo zamasamba ndi malo oŵerengera. Phala la kusukulu, limene bungwe la Mary's Meals lidayamba kupereka m'dziko muno m'chaka cha 2002, laonetsa kale kuti amayi a m'dera amadzipereka akaona phindu la ana awo. Nawonso makalasi athu a katekisimu ayenera kuunikidwa, pakuti sitingapemphe sukulu kusiya kubwereza kopanda tanthauzo pamene ana a Ukaristia woyamba akuphunzira mwa njira yomweyo. Sitikunyoza kuloŵeza, popeza mapemphero, nyimbo ndi matebulo a masamu zimafuna pamtima. Tikungoti mau oloŵezedwa apatsidwe chogwira.

Kwa inu abale athu a m'seminale, amene posachedwa mudzatumizidwa ku chaka cha ubusa m'maparishi a m'tauni, pempho lathu ndi ili. Mukapita ku sukulu kukachititsa mapemphero, musabwerere pa ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Pemphani chilolezo, mukhale pansi kumbuyo kwa Sitandade 2 kwa phunziro lathunthu, muŵerenge ana amene agwirako kanthu kapena kulankhula paokha, ndipo mufunse mphunzitsiyo chimene akusoŵa. Zimene mwaonazo mukazilembe m'buku la parishi pafupi ndi manambala aja, ndi kukazitula pa msonkhano wa bungwe la parishi. Akuluakulu adati m'mera m'poyamba, ndipo mwana wa ku Mtandire amene sadagwire, kuyeza ndi kufunsa ali mu Sitandade 2, n'kovuta kuti adzayambe ali mu Sitandade 8.